Mpongozi Wonunkha Usilikali

Tsiku limene mng'ono wanga Ozella anabwerera ku Mobile nkhondo itatha, tinapita kukamuchingamira kusiteshoni anthu awiri: ine mkulu wake, Vernice, ndi Cleophus Marbury, mnyamata amene anamulonjeza ukwati Ozellayo asanapite ku usilikali. Cleophus anali wometa wa mu msewu wa Davis, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Kunkhondo anamukana chifukwa khutu lake lakumanzere linafa ali mwana. Ndiye zinthu zinatembenuka: mkazi anavala yunifomu n'kukwera sitima, mwamuna anatsala akumeta nkhalamba ndi ana a sukulu. Anthu a m'dera lathu nkhani imeneyi ankadyera chakudya ngati ndiwo.

Ozella anatsika m'bogi ya anthu akuda, ija yogundana ndi injini, nkhope yonse ili mwaye wokhawokha. Koma anayenda ali njo, mutu uli m'mwamba. Ine ndinakuwa, tinakumbatirana mpaka chipewa chake chinagwa. Cleophus anachitola n'kuchisasa fumbi, maluwa ali m'dzanja linalo.

"Wanenepatu, Cleo," anatero Ozella akuseka. "Nkhondo yakukomera."

"Iwe ndiye waonda. Sankakupatsani chakudya?"

"Ankatipatsa. Kungoti ndinkasowa wondiyang'ana ndikamadya."

Apo ndinati basi, zayenda. Koma tisanafike n'komwe pokwerera basi, Cleophus anayamba kucheukacheuka ngati wakuba nkhuku.

"Ozella, bwanji tidzere njira yakuseri? Amayi ali kumsonkhano wa chigwirizano, akhoza kutuluka nthawi ina iliyonse. Ndikanakonda akuone utasintha kaye zovala."

Ozella anaima.

"Zovalazi zalakwanji?"

"Sizinalakwe ayi. Amayi ukuwadziwa."

"Ndachoka kumpoto nditakhala pampando wabwinobwino. Kungolowa kuno kum'mwera, kondakitala wachizungu wandithamangitsira ku bogi ya utsi ija, yunifomu yomweyi ndili chivalire. Ndifike kwathu ndiyambenso kubisala?"

Cleophus anamutembenuzira khutu lakufa lija. Ndi mmene ankachitira akafuna kusamva. Tinadzeradi njira yakuseri, yodutsa kudzala la msika wa nsomba, ndipo fungo la matumbo owola linatiperekeza mpaka pakhomo.

* * *

Inenso nkhondo inali itanditafuna n'kundilavula. Zaka zonsezo ndinkawotcherera zitsulo kudoko lopangira zombo, nditavala buluku ndi chigoba kumaso, mawayilesi akuimba kuti akazi tagwira dziko. Mfuti zitangoleka kulira, anatiuza kuti eniake a ntchito abwera, tibwerere kukhitchini. Oyamba kuchotsedwa tinali ife akuda. Mwamuna wanga anali atapita kalekale ku Detroit kukapanga akasinja, n'kupeza mkazi wina wopanga naye akasinjawo. Ndiye ndinali nditabwereranso pa beseni, kuchapa makabudula a azungu omwe aja ndinkawaposa kuwotcherera.

Madzulo a tsiku limenelo tinakhala pakhonde, Ozella mapazi ali m'madzi ofunda.

"Ndiuze tsopano," ndinatero. "Anthu kuno amati munkangovina ndi akuluakulu a asilikali."

"Kuvina? Achemwali, tinavinadi, koma ndi zikolopa. Anatiphunzitsa kumanga mabala ndi kubaya jakisoni, tinakhoza kuposa atsikana achizungu. Titafika kuchipatala cha asilikali, azunguwo anawapatsa majakisoni, ife anatipatsa ndowa. Kukolopa masanzi, kutaya mikodzo, kuchapa nsalu za mafinya."

"Mayi wanga ine!"

"Koma sindidandaula zonse ayi. Panali anyamata ena, ana enieni, opanda miyendo, ena opanda nsagwada. Usiku akamaitana amayi awo, amene ankayankha ndinali ine. Nditavula yunifomuyi ndiye kuti ndawataya iwowo."

Tili mkati mocheza choncho, Cleophus anatulukira ndi uthenga. Anaimirira pansi pa masitepe, chipewa chili m'manja.

"Amayi akuti ubwere kudzadya nafe Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Inunso, achemwali a Vernice, mubwere."

"Anenanso chiyani?" anafunsa Ozella. "Ndikuona pakamwa pako patsala mawu."

"Akuti... ubwere utavala ngati mwana wamkazi."

Ine ndinafuna kumukhuthulira madzi a mapazi aja. Koma Ozella anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira mwachisoni.

"Chifukwa cha iwe, Cleo. Osati chifukwa cha iwo."

* * *

Lamulungu Ozella anavala diresi langa lachikasu, nditalibweza m'chiuno. Tinakhala pabenchi limodzi ndi Mayi Idella Marbury, mayi ake a Cleophus, mzati wa mpingo wathu. Mayiwa anali ndi chipewa chachikulu ngati lichero ndi pakamwa potsekedwa ngati chikwama cha munthu woumira. Popereka moni, anamupatsa Ozella nsonga za zala zokha.

Kwaya inaimba, ndipo woyambitsa nyimbo anali Earline Goolsby, mwana wa abusa. Nthawi yonse imene Ozella anali kutali, Earline ankapita kwa a Marbury kukawathandiza kusita ndi kuphika, ndipo mtauni monse tinkadziwa kuti amene ankamusita kwenikweni anali Cleophus. Ankaimba akuyang'ana kumwamba, koma diso limodzi linkatsetsereka kubwera pabenchi pathu.

Kenako Abusa Goolsby anatambasula manja.

"Onse amene mwatumikira dziko lino pankhondo, imirirani, mpingo ukuoneni!"

Anyamata anaimirira uku ndi uku. Kutsogolo kunaimirira Sajeni Roscoe Dubose, chifuwa chili ngwee ndi mamendulo, tsitsi lonyezimira mafuta. Akazi anaimba nthungululu. Ozella nayenso anadzuka.

Sanaimirire n'komwe bwinobwino. Mayi Marbury anagwira diresi lija kumbuyo n'kulikoka, ndinamva msoko ukung'ambika.

"Khala pansi, mwana iwe," ananong'ona mokalipa. "Anena amuna."

"Anena onse, Amayi."

"Ndati khala pansi. Usatichititse manyazi m'nyumba ya Mulungu."

Abusa anamuona. Ndikulumbira, maso awo anakumana ndi a Ozella. Koma anayang'ana kumbali n'kuyamba kutchula mayina a anyamatawo mmodzimmodzi, mpingo ukuwomba m'manja. Dzina la Ozella Tolliver silinamveke. Iye anakhala chiimire mpaka kumapeto, yekhayekha pakati pa zipewa za amayi, diresi litang'ambika kumsana. Cleophus maso anali m'buku la nyimbo, kuwerenga nyimbo imene sitinkaimba.

* * *

Ndinaganiza kuti patebulo tikhala anthu anayi. Titalowa m'nyumba ya a Marbury tinapeza mbale zochuluka kuposa pamenepo. Earline anatulukira kukhitchini atavala epuloni ya Mayi Marbury, atanyamula mphika wa therere la nkhanu.

"Takulandirani, asilikali!" anatero mawu ali tseketseke. "Khalani apa, pafupi ndi khomo, mphepo izikupitani. Mwazolowera za panja inu."

Pambuyo pake panalowa Roscoe Dubose. Ozella atangomuona anauma thupi. Ine ndinaona, koma chifukwa chake sindinachidziwe.

"Sajeni ndawaitana ndine," anatero Mayi Marbury. "Nyumba ino yasowa msilikali weniweni."

Anapemphera pemphero lalitali, lopempha Mulungu kuti abweze akazi a dziko lino m'malo mwawo. Tinayamba kudya. Panali mpunga, nsomba zokazinga, masamba ophika ndi nyama yankhumba, ndi chigumu cha ufa wachikasu chimene Earline anatikumbutsa kangapo kuti waphika ndi iye.

"Ozella, umathabe kuphika?" anafunsa Earline. "Kapena kumeneko ankakuphikirani amuna?"

"Ndimatha."

"Adzaphunziranso," anatero Cleophus mofulumira, akuganiza kuti akuthandiza.

Roscoe anaseka, nayamwa mwendo wa nkhanu mwaphokoso.

"Ine ndi Ozella timadziwana, Amayi. Tinakumana kumpoto. Atsikana a yunifomu aja anatithandiza kwambiri ife asilikali. Munthu ukachoka kunkhondo umafuna wokutonthoza, ndiye boma linatiganizira." Anatsinzinira Cleophus. "Usadandaule, m'bale wanga. Galimoto yoyendapo kale ndi imene sivuta kuliza."

Earline anabisa pakamwa ndi kansalu. Mayi Marbury anagwedeza mutu ngati amene wamva zimene ankayembekezera. Ine ndinayang'ana Cleophus. Ndinati pano ndiye adzuka, pano ndiye tebulo ligubuduzika. Mwamunayo anali kalikiliki kuchotsa minga mu nsomba.

Ozella anaika supuni pansi mwakachetechete.

"N'zoona, Amayi, timadziwana. Sajeniwa anagonekedwa m'chipatala mwathu. Koma sanabwere ndi chipolopolo ayi. Anabwera ndi chindoko, chochita kuwola. Nsalu zawo ndinkachapa ndine, nditamanga mphuno. Atayamba kupeza bwino anandigwira m'chiuno ndikukolopa, ndiye ndinawamenya ndi chikolopa chonyowa kumaso, odwala anzawo akuonerera. Chitonthozo chimene anapeza kwa ine n'chimenecho."

Roscoe mwendo wa nkhanu unamutsakamira pakamwa. Ine mumtima ndinali kuvina. Ndinaiwala kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Mayi Marbury anakankha mbale yawo.

"Chindoko! Patebulo panga, Lamulungu! Mawu amenewo atuluke pakamwa pa mtsikana wosakwatiwa?" Anatembenukira kwa mwana wawo. "Wamva wekha, Cleophus. Wavomera ndi pakamwa pake. Wakhala akuona maliseche a amuna, kugwira zonyansa zawo ndi manja omwewa amene akugwira nawo supuni yanga. Earline, supuni imeneyo ukaiwiritse payokha."

"Amayi, anali odwala," ndinatero ine. "Ana a anthu!"

"Iwe khala chete, wovala buluku. Mwamuna wako anathawa chiyani?" Analozanso Ozella. "Mpongozi wonunkha usilikali m'nyumba muno ayi. Ndili moyo ine, ayi."

Roscoe anali atapezanso mpweya. Anapukuta mafuta pachibwano n'kuseka mokweza.

"Musiyeni, Amayi. Mwina akuyenerana. Wina ayenera kuvala buluku m'banjamo, nanga uyu wa khutu lakufayu angathe? Mkazi kunkhondo, mwamuna kusesa tsitsi! Cleo, ukamadzakwatira udzavale ndiwe chophimba kumaso."

Apo ndiye Cleophus anadzutsa mutu. Zonyoza Ozella zonse zija zinalowera ku khutu lakufa, koma izi zokhudza iye zinapeza khutu lamoyo.

Ozella anaimirira.

"Zikomo chifukwa cha chakudya, Amayi. Achemwali, tiyeni."

* * *

Cleophus anatipeza tili pampanda. Anabwera akuthamanga, kansalu kapatebulo kakadali pakhosi.

"Ozella, dikira! Amayi ndi achikulire, usawatengere."

"Sindikuwatengera. Iwo ndinawadziwa kale. Amene ndimafuna kumudziwa lero ndi iwe."

"Ukanapanda kunena za matenda zija..."

"Ndikanangokhala chete, eti? Ngati iwe?"

Cleophus anandiyang'ana ine, kenako anatsitsa mawu, ngati kuti kutsitsa mawu kuchepetsa kununkha kwake.

"Ndingofunsa kamodzi kokha, sindidzafunsanso. Zimene amanena anthu zija... za atsikana a yunifomu. Ngakhale kamodzi, chifukwa cha kusungulumwa... Ndikhululuka, Ozella. Ungondiuza."

Ndinaona nkhope ya mng'ono wanga ikusintha. Sanakwiye ayi. Anamuyang'ana ngati mmene umayang'anira ntchentche imene waipeza pansi pa kapu utamwa kale mkaka.

"Mukhululuka? Zikomo kwambiri, Bambo Marbury. Ndinu okoma mtima."

"Bambo Marbury? Ozella, ndine Cleo!"

"Cleo ndinamusiya pasiteshoni paja ndikupita, akulira ngati mwana, akuti adzandidikira. Inuyo sindikukudziwani. Bwererani, nsomba yanu izizira."

Tinayenda osacheuka. Titakhota pakona, Ozella anagwira mtengo wa magetsi n'kusanza therere lonse lija.

* * *

Sabata imeneyo ndinasanduka mthenga wosafuna. Ndikamadutsa mu msewu wa Davis ndi mtolo wa zochapa pamutu, Cleophus ankatuluka ndi lumo m'manja, munthu atamusiya ndi thovu kumaso.

"Achemwali, mukamuuze kuti sindikugona."

"Akuti mugule mankhwala," ndinkamuyankha mawa lake.

"Mukamuuze kuti ndalankhula ndi amayi."

"Akufunsa kuti mwalankhula, kapena mwamvetsera?"

"Mukamuuze kuti ndimamukonda, achemwali. Zimenezo zokha."

Uthenga umenewo Ozella ataumva anangolowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo ndinamumva akufwenthera. Pamenepo ndinadziwa kuti matendawa sanathe. Chikondi ndi chonyansa nthawi zina: munthu wakuponda pakhosi, iwe n'kumadera nkhawa phazi lake.

Ozella nayenso anali ndi zake. Anapita kuchipatala china cha mtauni kukafunsa ntchito, atanyamula umboni wa maphunziro ake. Mayi wachizungu wa pakhomo sanauyang'ane n'komwe. Anangoti akufuna wochapa, ndipo alowere khomo lakumbuyo.

Chapakati pa sabata kunabwera Earline, atanyamula chitumbuwa cha mbatata chovundikira ndi nsalu yoyera. Anandipeza ndikuyanika zovala.

"Ndabwera kudzapepesa, achemwali. Zija za Lamulungu zinandikhudza kwambiri. Ozella alipo?"

"Alipo, koma sakulandira alendo."

"N'zomveka. Mumuuze asadandaule za Cleophus, tikumusamala. Dzulo anadya bwino ndithu. Ndinamuphikira zimene amakonda." Anasuzumira pazenera. "Ndamva kuti kumpoto ntchito za anthu ngati Ozella zilipo zambiri. Bwanji osabwerera? Kuno anthu saiwala msanga."

"Earline, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tenga chitumbuwa chakocho."

"Ndi mphatsotu!"

"Ndiye ndipatsa galu wa oyandikana nawo. Akafa ndidziwa."

Anachoka akugwedeza chiuno, chitumbuwa chake chili m'manja.

Kenako mauthenga analeka. Ndinadutsa mu msewu wa Davis, ndinapeza chitseko cha Cleophus chotseka. Mawa lakenso chimodzimodzi. Mayi wogulitsa mtedza pakona anandiuza kuti anamuona akukwera galimoto ya Roscoe Dubose, awiriwo atagwirana mapewa ngati pachibale. Ndinaganiza kuti mayiyo maso ayamba kumuvuta.

* * *

Cleophus anatulukira sabata yotsatira, m'mawa wina dzuwa litakwera, ine ndili pa beseni, Ozella akusita pakhonde. Poyamba sindinamuzindikire. Mutu anali atameta mpala, maso ali psu, malaya okwinyika ngati anagona nawo. Koma ankayenda mwamatama, mapewa ali m'mwamba.

"Ozella, ndakonza zonse," anatero.

Ozella sanadzutse mutu. "Mwakonza chiyani, Bambo Marbury?"

"Ndalembetsa usilikali."

Simbi inaima pamalaya a mzungu mpaka utsi unayamba kufuka. Ndinathamanga kukaichotsa.

"Wati chiyani?" anafunsa Ozella.

"Andilandira! Akufuna anthu okalondera ku Germany, tsopano sakusankha kwambiri. Ndalumbira kale. Sitima inyamuka Loweruka." Anamwetulira ngati mwana amene wabwera ndi mbewa kwa amake. "Palibenso amene adzanene kuti iwe ndiye mwamuna m'banja. Tafanana tsopano."

"Ndi khutu limenelo? Akulandira bwanji?"

"Roscoe anandithandiza. Amadziwana ndi wolemba anthu. Anandiuza zoyankha dokotala akamanong'ona. Si munthu woipa, Ozella, anapepesa zija. Anandigulira ndi kachasu yemwe."

Ozella anakhala pansi pa sitepe. Kenako anayamba kuseka, kuseka koipa, kopanda chimwemwe.

"Roscoe! Munthu amene ndinamumenya ndi chikolopa chifukwa chondifuna, ndiye wakuperekeza kukakwera sitima! Cleo, mutu wakowo anangometa kunja kokha, kapena anapala ndi m'kati momwe? Akukuchotsa panjira, iwe n'kumathokoza!"

"Ndachitira iwe!"

"Ine? Ndinakupempha liti msilikali? Ndawasambitsa asilikali, Cleo! Ndawatola zidutswa! Usiku uliwonse kumpoto kuja ndinkagwada n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha khutu lako lakufalo, chifukwa ndinkadziwa kuti wanga yekha ndidzamupeza wathunthu. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: utsegule pakamwa patebulo la amayi ako. Mawu awiri okha, 'Musiyeni Ozella.' Zimenezo zakukanika, ndiye waona chapafupi n'kuwoloka nyanja?"

Mapewa aja anagwa. Cleophus anakhala pansi pafumbi, patsogolo pake, ngati mwana wolakwa.

"Amayi ndimawaopa kuposa mfuti," anatero motsitsa. "Ndi zoona zimenezo. Ndipo funso lija ndinakufunsa pampanda, ndikalikumbukira ndimadzinyansa ndekha. Sindinakhulupirirepo zimenezo, Ozella. Ndinkangochita manyazi kuti iwe unapita, ine ndinatsala. Ndiye ndinkafuna nawenso ukhale ndi kena kochititsa manyazi."

Kwa nthawi yoyamba chibwerere mng'ono wanga, mnyamatayo ananena chinthu choona. Ozella anamuyang'ana, misozi ikutsika.

"Chitsiru iwe," anatero, koma mawu anali atafewa. "Chitsiru changa."

Cleophus anagwira dzanja lake, Ozella sanalichotse.

"Tikwatirane ndisanapite. Osati kutchalitchi. Kwa woweruza, mawa lomwe. Achemwali a Vernice akhale mboni. Amayi adzamva zitatha, ndipo ndidzawauza ndekha, ndili chiimire."

"Udzawauza ndi khutu liti?"

"Onse awiri."

Ozella anaseka m'misozi. Ine ndinabwerera pa beseni kuti ndibise nkhope yanga, chifukwa nanenso ndinali nditayamba kufewa, ngakhale mumtima ndinkati mwana wa mayi anga akugula mbuzi yodwala. Ozella anatsegula pakamwa kuti ayankhe.

Pomwepo galimoto yakuda ya Abusa Goolsby inaima pampanda.

Anayamba kutsika abusawo, nkhope ili ndwii. Kenako Mayi Marbury, chipewa cha Lamulungu chili kumutu pakati pa sabata. Pomaliza anatsika Earline, atakwirira nkhope m'kampango, mapewa akugwedezeka. Atasuzumira pamwamba pa kampangoko ndinaona maso ake. Anali ouma ngati mchenga.

"Cleophus Marbury," anatero abusa osapereka moni, "dzuka pafumbipo. Mwana wanga wandiuza zonse."

"Zonse ziti, Abusa?"

"Usandiyese mwana! Dzana Sajeni Dubose anakutula pakhomo panga uli chiledzerere, ine ndili kumaliro kumudzi. Unagona m'nyumba mwanga. M'mawa mwake amayi a chigwirizano anakuona ukutuluka m'chipinda cha mwana wanga, nsapato zili m'manja. Ukana?"

Earline analira mokweza. Mayi Marbury anamusisita pamsana, koma maso awo anali pa Ozella, ndipo pakamwa paja, kwa nthawi yoyamba chiwadziwire, panali pakumwetulira.

"Zalakwika, zalakwika basi," anatero mayiwo. "Koma ndi mwana wa pabanja labwino, tikonza. Ukwati uchitika sitima isananyamuke. Diresi ndayamba kale kusoka."

Tonse tinayang'ana Cleophus. Dzanja la Ozella linali likadali m'dzanja lake. Ndinapemphera chamumtima kuti akane, akuwe, alumbire pa manda a bambo ake.

"Ndinadzukadi m'chipindamo," anatero. "Koma zimene zinachitika... Ozella, sindikukumbuka."

Ozella anasolola dzanja lake pang'onopang'ono. Analiyang'ana, kenako anabwera pa beseni langa, naliviika m'madzi akuda a makabudula a azungu aja, n'kuyamba kulitsuka ndi sopo.